Musiyeni tiyi akhale tiyi

Juni akangofika, kwathu zinthu ziwiri sizilephera: chimfine ndi uthenga wa tiyi. Chaka chino uthengawo unalowa pa gulupu yathu ya banja Lachiwiri m'mawa, ine ndili m'minibasi kupita ku ntchito. Anautumiza ndi azakhali anga, mayi wopemphera, woti sangapweteke ngakhale nyerere. Pamwamba pake panali timivi tija tosonyeza kuti uthengawu wadutsa kale m'mafoni ambirimbiri. Mawu ake mukuwadziwa, chifukwa nanunso unakufikani: akuti asayansi atulukira kuti tiyi amapha tizilombo tonse ta chimfine ndi Covid, imwani makapu atatu otentha kwambiri patsiku, azungu akubisa dala kuti muzigula mankhwala awo, tumizirani anthu 10 ndipo Mulungu akudalitsani.

Pasanathe mphindi zisanu, ma Amen anayi anali atagwa kale, timanja topemphera mbwee. Ine ndinalemba yankho, n'kufufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso. Kenako ndinangoika foni m'thumba. Pa gulupu ya banja mwana satsutsa azakhali, ngakhale mwanayo atamera ndevu. Ndiye ndabwera kuno, pakhomo panga, pomwe ndingayankhule popanda wondiuza kuti sukulu inandiwononga.

Ndiulule kaye: ine ndi chidakwa cha tiyi. Ndinakulira kufupi ndi minda ya tiyi ku Thyolo, kumene chiperoni chikagwa umaona ngati phiri lasamuka, ndipo m'mawa wopanda tiyi ndi mbatata sitinkauwerengera. Mpaka lero ndikapanda kumwa, pofika 10 koloko mutu umakhala ukugunda. Choncho musaganize kuti ndabwera kudzanyoza ketulo. Mkangano wanga uli ndi anthu amene amatenga chakumwa chabwinobwino n'kuchiveka jekete loyera, n'kumatiuza kuti dokotala wathu ndi ameneyu.

Masiku 6 amene tinataya

Mu Januwale 2021, mwezi uja maliro anachuluka mpaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, bambo anga aang'ono anayamba kutsokomola. Iwowa anali mlongo wawo wa azakhali omwewa. Thupi linatentha, chakudya anasiya kuchimva kukoma. Tonse tinadziwa chimene tinkachikayikira, koma palibe anafuna kuchitchula. Kuchipatala kunkaopsa masiku amenewo. Anthu ankanong'onezana kuti ukangolowako sutulukako wamoyo.

Ndiye tinachita zimene mafoni athu anatiuza. Tiyi wa jinja m'mawa, tiyi wa mandimu masana, tiyi wa adyo usiku, wotentha woti kapu suigwira ndi dzanja. Pakatikati ankadzifukiza ndi masamba a bulugamu, atafunda bulangeti kumutu mpaka thukuta kamukamu. Tiyi wina ndinkaphika ndine, pa mbaula, ndi manja angawa. Akamwa ankati, "Mwana wanga, ndikumvako bwino, pakhosi patseguka." Ndipo sankanama. Pakhosi pankatsegukadi. Koma m'mapapo zinthu zinkangoipiraipira, ife osadziwa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi analephera kuyenda kuchoka kuchipinda kufika pakhonde. Tinapeza galimoto. Namwino atawapana kachipangizo kaja pachala, anayang'ana nambala, n'kutiyang'ana ife, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Munali kuti masiku onsewa?" Patapita masiku awiri tinali kukonza za bokosi.

Mwina akanapitabe ngakhale tikanathamanga tsiku loyamba. Mpweya wa okosijeni unali wosowa m'zipatala nthawi imeneyo, ndipo ambiri amene anafika msanga nawonso anapita. Koma masiku 6 aja tinawataya ndife, ndipo tinawataya chifukwa tinali ndi chinachake m'manja chotipangitsa kuganiza kuti tikuchiza. Tiyi sanawaphe bambo anga aang'ono. Chimene anachita ndi kutigoneka tulo ife owasamalira. N'chifukwa chake uthenga uja ukabwera, ine sindiuona ngati nthabwala ya anthu akuluakulu osadziwa intaneti.

Bodzali lili ndi tsiku lobadwa

Mmodzi mwa makolo a uthengawu anabadwa mu Malichi 2020. Unkazungulira pa WhatsApp ndi Facebook m'mayiko ambiri, utavala chipewa cha CNN, n'kumati dokotala wa ku Wuhan, Li Wenliang, asanamwalire anasiya zolemba zosonyeza kuti methylxanthine, theobromine ndi theophylline, zimene zimapezeka mu tiyi, zimagonjetsa kachilombo ka corona. Mayina atatu aataliwo ndi amene anagwira ntchito yonse. Munthu ukawerenga mawu oti lilime likukana kuwatchula, umangoti apa ndiye pali sayansi.

Koma Li Wenliang anali dokotala wa maso. Anatchuka chifukwa anachenjeza anzake za matenda atsopanowa kumapeto kwa 2019, apolisi n'kumuopseza, ndipo iye mwini anamwalira ndi matendawa pa 7 Febuluwale 2020. Za tiyi sanafufuzepo, ndipo CNN sinaulutsepo nkhani yoteroyo. Mankhwala atatu aja ndi a banja limodzi ndi caffeine. Theobromine ndi amene ali mu chokoleti, theophylline madokotala akhala akumugwiritsa ntchito pa mphumu. Wina anangotola dzina la munthu wakufa, woti sangadziteteze, n'kulimata pa bodza lake. Kandimverere adanena za m'maluwa, ndipo ife takhala tikumufowada zaka zonsezi.

Kumene bodzali limatenga mphamvu

Tsopano ndichite chilungamo, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi imavutira. Bodza la tiyi ndi lolimba chifukwa pansi pake pali kachoonadi. Masamba a tiyi ali ndi timichere tina totchedwa catechin, ndipo kotchuka kwambiri ndi EGCG, kamene kamachuluka mu tiyi wobiriwira. Masamba akafinyidwa n'kusiyidwa kuti ade, monga amachitira m'mafakitale a ku Thyolo ndi Mulanje popanga tiyi wakuda amene timamwa ambirife, timichereti timasanduka tina totchedwa theaflavin. Ndi timene timapangitsa kuti tiyi wopanda shuga azimveka kukhakhala mkamwa.

Mu 1993 asayansi a ku Japan anasonyeza kuti EGCG ndi theaflavin zikasakanizidwa ndi kachilombo ka chimfine cha influenza mu labotale, zimamatirira pa kachilomboko n'kukalepheretsa kulowa m'maselo. Ena ku South Korea anapeza zofanana mu 2005. Covid atabwera, mayunivesite a ku Nara ndi ku Kyoto anayesa tiyi pa kachilombo katsopanoko, ndipo nakonso kanafooka. Mu 2024 a yunivesite ya Georgia ku America anasakaniza kachilomboka ndi malovu ndi tiyi, n'kupeza kuti m'masekondi 10 okha mphamvu yake inatsika kwambiri, makamaka ndi tiyi wakuda. Zonsezi ndi zoona. Palibe akuzibisa. Zinasindikizidwa poyera, aliyense wa bandulo akhoza kuziwerenga.

Ndiye vuto lili pati, man? Vuto lili pa mawu awiri amene ofowada amawadula nthawi zonse: mu labotale. Zonsezi zinachitikira m'timabotolo ndi m'timbale tagalasi, momwe kachilombo kali pamtetete, kopanda pobisala, kenako wina n'kukathira tiyi pamutu. M'kambale koteroko zinthu zambiri zimapha kachilombo. Sopo amapha. Jiki amapha. Sipiriti amapha. Kodi mumamwa jiki? Mtsogoleri wina wa ku America atayerekeza kufunsa poyera mu Epulo 2020 ngati mankhwala opha majeremusi angabayidwe m'thupi, dziko lonse linagwira pakamwa, ndipo opanga mankhwalawo anathamangira kuchenjeza anthu kuti asayese. Nzeru yake ndi yomweyi: zimene zachitika m'kambale sizinachitike m'thupi mwanu.

Taganizirani njira imene tiyi amayenda. Mwamwa, wadutsa mkamwa, pakhosi, n'kutsika njira ya chakudya kupita m'mimba. Mkamwamo wakhalamo masekondi angati? Pomwe kachilombo ka chimfine kapena ka Covid kamalowera m'mphuno, n'kukakhala mkati mwa maselo a m'mphuno, a kukhosi ndi a m'njira ya mpweya, mpaka m'mapapo. Kali mkati mwa selo kakuswana, maola 24 patsiku. Tiyi sapita m'mphuno. Sapita m'mapapo, ndipo tsiku limene kadontho kamodzi kadzalowera njira imeneyo mudzatsamwa mpaka misozi. Ngakhale tiyi atafooketsa tizilombo tonse tili m'malovu panthawi imene mukumeza, posakhalitsa maselo aja atulutsa tina. Kuli ngati kukolopa pakhonde mvula ikugwa, denga likudontha.

Wina ati, nanga si tiyiyo amalowa m'magazi n'kufika paliponse? Amalowa, koma pang'ono zedi. EGCG ndi kamchere kovuta kuyamwa m'matumbo. Kambiri kamaphwanyidwa kapena kutuluka kasanafike m'magazi, ndipo kamene kafikako kamakhala kochepa poyerekeza ndi muyeso umene amathira m'kambale ka mu labotale. Ndiye pali nkhani ina yoseketsa. Ofufuza a ku Kyoto omwe aja anapezanso kuti ukathira mkaka mu tiyi wakuda, mapuloteni a mumkaka amagwira theaflavin uja, mphamvu yofooketsa kachilombo n'kuchepa. Ndiye kuti ngakhale mu labotale momwemo, tiyi wathu uja wa alendo, wa mkaka wambiri ndi masupuni anayi a shuga, sapambana mayeso.

Atayesa pa anthu enieni

Funso lenileni ndi lakuti: anthu akamwa tiyi kapena kuchukucha naye pakhosi, kodi amadwala mochepa? A ku Japan, amene tiyi wobiriwira ali ngati mmene ife tilili ndi nsima, anayesa. Mu 2011 kunatuluka kafukufuku wa ogwira ntchito zaumoyo pafupifupi 200. Theka linkamwa makapisozi a timichere ta tiyi kwa miyezi isanu, theka lina makapisozi opanda kanthu. Amene anaoneka ndi zizindikiro za influenza anali 4 mbali ya tiyi ndi 13 mbali inayo. Zikumveka bwino, eti? Koma amene labotale inatsimikiza kuti analidi ndi kachilomboko anali 1 ndi 5, manambala ochepa kwambiri moti ofufuzawo sanathe kunena kuti kusiyanaku sikunangochitika mwamwayi. Komanso onani kuti anali makapisozi oyezedwa bwino, osati kapu ya pa tiyirumu.

Mu 2014 kunatuluka wina wamkulupo, wa ana asukulu za sekondale oposa 700 ku Shizuoka, dera lotchuka ndi ulimi wa tiyi. Ena ankachukucha pakhosi ndi tiyi wobiriwira katatu patsiku kwa masiku 90, ena ndi madzi wamba. Amene anapezeka ndi influenza anali pafupifupi 5 pa 100 alionse mbali ya tiyi, ndi pafupifupi 7 pa 100 mbali ya madzi. Apanso kusiyanako kunali kochepa moti sikunakwane kukhala umboni. Tiyi analephera kugonjetsa madzi a pampopi mooneka bwino.

Ndiye chithunzi chonse ndi ichi. Pali tizizindikiro takuti mwina kumwa tiyi wobiriwira kawirikawiri kapena kuchukucha naye kungachepetseko pang'ono mpata wotenga chimfine. Umboni wake ndi wofooka, wambiri ndi wochokera m'dziko limodzi, ndipo ena mwa kafukufukuyu anathandizidwa ndi makampani ogulitsa tiyi. Ndipo zonsezi zikukamba za kupewa, munthu asanadwale. Zoti tiyi amachiza munthu amene wayamba kale kubanika, zimenezo ndi za pa WhatsApp basi. Ngakhale ofufuza a ku Georgia aja ananena okha kuti tiyi asalowe m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala. Chiganizo chimenecho ndi chimene sichifika pa gulupu ya banja.

Ngati manambala akukutopetsani, ingoyang'anani mapu. Anthu a ku Britain amamwa tiyi ngati alipidwa, koma Covid anapha anthu oposa 200,000 kumeneko. Ku Turkey, kumene munthu mmodzi amamwa tiyi wambiri kuposa kwina kulikonse, anaika maliro masauzande. Kuno kwathu tiyi takhala tikulima kuyambira zaka za m'ma 1890 ku Mulanje, ndipo amayi amene amathyola masambawo ndi dengu kumsana amadwala chimfine chaka chilichonse monga wina aliyense.

"Koma sizipweteka, bwanji osangoyesa?"

Ili ndi yankho limene ndimalimva kwambiri, ndipo ndi limene limandikwiyitsa koposa. Zimapweteka, ndipo ndikuuzani njira zake.

Yoyamba ndi mawu aja akuti "wotentha kwambiri". Ofowada amati kutenthako kumapha kachilombo pakhosi. Kutentha koti kuphe kachilombo mkati mwa maselo anu kungayambe kwapha maselowo. Ndipo mu 2016 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 pa gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Kwa ife iyi si nkhani yakutali. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo kafukufuku amene anachitika kuno ndi ku Tanzania, wotuluka mu 2022, anapeza kuti amene amakonda kumwa tiyi kapena phala lotentha kwambiri ali pachiopsezo chachikulu. Ndiye m'dziko loterolo wina akutumiza uthenga wolimbikitsa anthu kumeza moto katatu patsiku, n'kumati sizipweteka.

Yachiwiri ndi magazi. Timichere tomwe tija timene timamatirira kachilombo mu labotale timamatiriranso ayironi wa m'chakudya, makamaka wa mu nyemba, ndiwo zamasamba ndi ufa, n'kumulepheretsa kulowa m'thupi. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu, ndi amayi 33 pa 100 alionse a msinkhu wobereka, anali operewera magazi. Mayi woyembekezera amene wauzidwa kuti azimwa tiyi wokhathamira pa chakudya chilichonse kuti adziteteze ku chimfine, akudzibera ayironi amene iye ndi mwana wake akumufuna. Malangizo ake ndi osavuta: siyanitsani tiyi ndi chakudya ndi ola limodzi kapena kuposa. Uthenga umenewo sindinauonepo ukufowadidwa.

Yachitatu ndi malonda. Bodza likafika, wogulitsa amakhala ali kumbuyo kwake ndi katundu. Mwawaona pa status: makapisozi a tiyi wobiriwira, tiyi wa detox, tiyi wokweza chitetezo cha m'thupi, mtengo wake woti ungagule thumba la chimanga. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linachenjeza kuti makapisozi opereka mamiligalamu 800 a EGCG kapena kuposa patsiku akhoza kuvulaza chiwindi. Tiyi wa mu kapu analibe naye vuto. Vuto limabwera mukamupanikiza m'kapisozi n'kumameza ngati mtedza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Yachinayi ndi imene ndakuuzani kale, ndipo ndi yaikulu kuposa zonse: nthawi. Chifuwa chilichonse si chimfine. Chifuwa chimene chadutsa milungu iwiri chikhoza kukhala TB, ndipo kuyezetsa ndi mankhwala ake ndi zaulere m'zipatala za boma. Mwana amene akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, akhoza kukhala ndi chibayo, ndipo chibayo sichidikira kuti ketulo iwire. Kutentha thupi kwathu kuno kukhoza kukhala malungo mpaka kayezedwe katakana. Tsiku lililonse limene munthu wotere wakhala pakhomo ndi kapu m'manja ndi tsiku limene matenda apatsidwa ulere.

Ndipo musaiwale zimene uthenga uja umanyamula kumchira. Sumangoti imwani tiyi. Umati imwani tiyi chifukwa katemera ndi chiwembu. Katemera woyamba wa Covid anafika m'dziko muno mu Malichi 2021. Pofika Meyi chaka chomwecho, boma linawotcha poyera madozi 19,610 amene masiku ake anatha asanagwiritsidwe ntchito. Zifukwa zinalipo zingapo, kuphatikizapo kuti ena anafika atatsala pang'ono kutha, koma mphekesera za m'mafoni zinathandiza kuti mizere ikhale yaifupi. Tinawotcha katemera, n'kusunga voice note.

Kwa anzanga onyoza "zachikuda"

Tsopano nditembenukire mbali inayi, chifukwa nanunso simundisangalatsa. Pali kagulu ka anzanga ophunzira amene akangomva mawu oti masamba kapena mizu, mphuno m'mwamba, ati zaumbuli. Inunso simunawerenge. LA amene mumamwa mukadwala malungo ali ndi artemether, wochokera ku artemisinin, amene anapezeka m'chitsamba cha Artemisia annua. Mayi wa ku China amene anatsogolera ntchitoyo, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015, ndipo poyambira pake anafufuza m'mabuku akale a mankhwala a makolo awo. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona. Ngakhale tiyi weniweniyu anabalapo mankhwala ovomerezeka: mu 2006 bungwe la FDA ku America linavomereza mafuta opaka otchedwa Veregen, opangidwa kuchokera ku timichere ta tiyi wobiriwira, ochizira njerewere za kumaliseche zimene zimayamba ndi kachilombo ka HPV.

Mwaona? Zimenezi zikugwetsanso nkhani ija yakuti azungu akubisa. Tiyi atasonyeza mphamvu pa njerewere, makampani sanabise. Anathamanga, anayesa pa anthu, anaika m'chubu, n'kuyamba kugulitsa. Mukuganiza kuti akanapeza kuti amachiza Covid akanasiya ndalama zimenezo pansi? Kusiyana kwa LA ndi uthenga wa azakhali sikwakuti wina ndi wachizungu wina wachikuda. LA anadutsa m'mayeso: muyeso wake ukudziwika, anayesedwa pa odwala masauzande, kuipa kwake kunalembedwa. Chitsamba chomwecho cha Artemisia, mtsogoleri wa Madagascar panthawiyo, Andry Rajoelina, anachiika m'botolo mu Epulo 2020 n'kuchitcha Covid-Organics, n'kuchilengeza ngati mankhwala mayeso oyenera asanachitike. Mayiko ena mpaka anatumiza ndege kukatenga. Covid sanaleke kupha anthu ku Madagascar. Chitsamba chimodzi, njira ziwiri.

Ngati timakondadi zathu, tizifunire mayeso. Ku Mulanje kuli malo ofufuzira za tiyi amene akhalapo zaka zambiri, tili ndi asayansi ku KUHeS, ku MUST ndi ku LUANAR. Kufuna kuti masamba athu afufuzidwe mozama ndiko kuwalemekeza. Kuwapatsa mphamvu zabodza pa WhatsApp ndi kuwachititsa manyazi.

Zimene tiyi amachitadi

Nanga tisiye kuphikira odwala tiyi? Ayi ndithu. Mu 2008 ofufuza a ku Cardiff anapatsa anthu 30 odwala chimfine chakumwa cha zipatso, ena chotentha, ena chosatenthetsa. Amene anamwa chotentha anamva kupepukidwa msanga pa chifuwa, kuyetsemula, zilonda za pakhosi, kuzizidwa ndi kutopa. Onani kuti sanali tiyi n'komwe. Chakumwa chofunda chimafewetsa pakhosi, chimabweretsa malovu, chimabwezera madzi m'thupi la munthu amene akutuluka thukuta. Ndiponso pali chinthu china chimene sichiyezedwa ndi makina: munthu wodwala akaona wina wadzuka, wakoleza moto, wamubweretsera kapu pamphasa, amadziwa kuti sali yekha.

Zimenezo n'zokwanira. Tiyi safunika kunamiziridwa kuti akhale wofunika. Chimfine wamba chimatha chokha pakadutsa sabata imodzi kapena masiku 10, mumwe tiyi kapena musamwe, ndipo n'chifukwa chake aliyense ali ndi umboni wake wakuti "ine ndinachira ndi tiyi wa mandimu". Munachira ndi thupi lanu, tiyi anangokuperekezani. Amene sanachire sali pa gulupu kuti apereke umboni wawo.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo likupita kwa inu a msinkhu wanga, chifukwa ndife amene timagulira makolo mafoni ndi kuwaikira bandulo. Uthenga wa zaumoyo ukafika, musanadine kamuvi kaja, funsani mafunso atatu: anayesa pa anthu kapena m'kambale? Anthu angati? Akundigulitsa chiyani? Ndipo pakhomo pakakhala wodwala, phikani tiyi, mudikire azizireko, mumupatse. Koma maso akhale pa kapumidwe kake. Akayamba kubanika, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu, milomo kusintha mtundu, kapena kutentha thupi kosatsika, zimitsani mbaula mupeze transipoti. Ngati chipatala chili kutali ndipo mukukayika, imbani ku Chipatala cha pa Foni, mufunse anthu amene anaphunzira ntchitoyo.

Azakhali ndinawaimbira Lachisanu madzulo. Pa gulupu sindikanatha, koma pa foni, awiriwiri, zinatheka. Ndinayamba ndi kufunsa za kumunda ndi za miyendo yawo, monga mwa mwambo. Kenako ndinati, "Azakhali, uthenga uja munatumiza, ndimafuna tikambiraneko." Anakhala chete kanthawi. Ndiye anati, "Iwe, ine ndimangofuna ana anga musadwale. Mlongo wanga anapita ndikuona." Ndinawauza kuti ndikudziwa, ndipo kuti n'chifukwa chomwecho ndaimba. Tinakambirana mpaka mayunitsi anatha.

Uthengawo sanaufufute. Koma Loweruka m'mawa analemba pa gulupu kuti amene ali ndi chifuwa chosatha apite akayezetse, asamangodalira tiyi. Unalandira Amen mmodzi yekha. Anali wanga.